Yambani mwasankha mzinda, sukulu ya uloya ibwere pambuyo

Foni inalira cha m'ma 10 koloko usiku. Anali mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anakulira kuno ku America, ndipo moni sanapereke n'komwe. "Amalume, anditenga! Masukulu awiri anditenga!" Ndinakondwa naye, kenako ndinamuuza kuti andiwerengere makalata onse awiri mosathamanga. Yoyamba inachokera ku sukulu ina ya kugombe la kum'mawa, ulendo wa maola atatu pa ndege, dzina lake lomveka ndithu ukalitchula pagulu. Za ndalama sinanene kanthu, kutanthauza kuti fizi yonse inali pamutu pake. Yachiwiri inachokera ku yunivesite ya boma ya m'chigawo chomwe amakhala, mphindi 40 pa galimoto kuchokera pakhomo pa amayi ake, ndipo inalonjeza kumuchotsera fizi yoposa theka. Koma mtima wa mwanayo unali utakwera kale ndege.

Ndinamufunsa kuti, "Ukamaliza, ukufuna kudzakhala kuti?" Anakhala kaye chete, kenako anati, "Konkuno, amalume. Amayi ndingawasiye okha?" Ndiye ndinati, nanga ngongole yonseyo ukukaitengeranji kutali, kuti udzabwere nayo kuno kumene sikudzakhala loya ndi mmodzi yemwe wokudziwa?

Ana ambiri, ndi makolo omwe, nkhaniyi amaiyambira kumchira. Amatsegula mndandanda woika masukulu motsatana kuyambira wopambana, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba mpaka atapeza yomwe ingawalandire, ndipo za kumene adzagwire ntchito amati tidzaziona. Ine ndikuti mzinda ndiwo uyambe. Ukadziwa kumene ukufuna kudzakhala, masukulu oti uwaganizire amatsala awiri kapena atatu, ndipo ntchito yako imasanduka imodzi: kuchititsa kuti masukulu amenewo akufune mpaka kukulipirira, osati kungokulola kulowa pakhomo.

Kwa amene sakudziwa mmene zimayendera kuno, uloya suphunziridwa munthu akangochoka kusekondale. Umayamba watenga digiri ya zaka zinayi, ya chilichonse, kaya mbiri yakale, kaya zaulimi, kaya zoimbaimba. Ukatero umalowa sukulu ya zamalamulo zaka zitatu, n'kutuluka ndi digiri yotchedwa JD. Digiriyo payokha siikulola kuimira munthu kukhoti. Chilolezo chimaperekedwa ndi chigawo chilichonse pachokha ukakhoza mayeso a bar, moti loya wa ku Ohio sangangodzuka m'mawa n'kukatsegula ofesi ku Florida. Masukulu ovomerezedwa ndi bungwe la maloya la American Bar Association, ABA mwachidule, alipo pafupifupi 200. Mwa amenewa muli kagulu ka masukulu 14 apamwamba kamene anthu amakatcha T14, monga Yale, Stanford, Harvard, Chicago ndi Columbia, kuphatikizapo ena ochepa oyandikira, amene digiri yawo imatsegula zitseko kulikonse m'dzikoli. Otsalawo, omwe ndi ochuluka kwambiri, ndi masukulu a m'dera, kaya avomere kaya akane. Mphamvu yawo imalekezera pomwe palekezera mthunzi wawo.

Izi si zonyoza. Pansi pa mthunzi umenewo masukuluwa ndi mafumu. Taganizirani ofesi ya maloya khumi mumzinda wa Omaha imene ikufuna wachinyamata mmodzi. Mkulu amene akuwerenga makalata ofunsira ntchito n'kutheka kwambiri kuti anaphunzira ku Creighton, mumzinda momwemo, kapena ku University of Nebraska ku Lincoln. Aphunzitsi a kumeneko amawadziwa ndi mayina awo, ndipo akhoza kuimba foni n'kufunsa kuti mwana uyu ndi wotani. Kalata yochokera kwa wophunzira wa ku sukulu yakutali, ngakhale ili pamwamba pang'ono pa mndandanda, imam'patsa funso lina: ameneyu akufunadi kukhala kuno, kapena wasowa kwina ndipo adzatithawa pakatha zaka ziwiri? Zimenezi n'chimodzimodzi ku Philadelphia ndi Temple ndi Villanova, ku Dallas ndi SMU, ku Milwaukee ndi Marquette. Ndiye pali zigawo ngati Wyoming, Montana, North Dakota, South Dakota, New Mexico ndi Nevada zimene zili ndi sukulu imodzi yokha ya zamalamulo. Kumeneko sukuluyo ndi chitsime chimene majaji ambiri, oimira boma pa milandu ndi maloya a m'matauni anamwapo. Ku South Dakota maloya akumidzi anasowa mpaka boma linayamba pulogalamu mu 2013 yolipira loya amene wavomera kukagwira ntchito zaka zisanu m'dera lakumudzi.

Chimene ana sachiona msanga n'chakuti zaka zitatu za sukuluzo ndi intavyu yaitali. Aphunzitsi ena amabwera madzulo akaweruka ku maofesi awo, ndipo ndi omwewo amene amalemba anthu ntchito. Masukulu ali ndi makiliniki kumene wophunzira amathandiza anthu enieni, wina akuthamangitsidwa m'nyumba ya lendi, wina akulimbana ndi za mapepala okhalira m'dziko, moyang'aniridwa ndi loya. Pakati pa temu umatha kumapita kwa jaji masiku awiri pa sabata kukam'thandiza kufufuza malamulo. Tchuthi cha chilimwe cha chaka chachiwiri n'chimene kawirikawiri chimabala ntchito yoyamba. Zonsezi zimachitikira m'makhoti ndi m'maofesi ozungulira sukuluyo. Amene waphunzira kutali amabwera kwawo ndi pepala lokha, anzake atadziwika kale ndi makalaliki a kukhoti.

Ngakhale malamulo enieniwo ali ndi kwawo. Louisiana imatsata mwambo wa malamulo wochokera ku France ndi Spain, wosiyana ndi zigawo zina zonse, ndipo mayeso ake a bar ndi akeake. Ku Texas kuli nkhani zambiri za mafuta ndi gasi, kumadzulo kouma kuli milandu ya madzi. Wisconsin ndiye inachita kunyanya: amene wamaliza ku University of Wisconsin kapena ku Marquette, atatenga maphunziro ofunikira n'kupezeka kuti ndi wa khalidwe loyenera, amalandira chilolezo osalemba bar n'komwe. Mwana wofuna kudzakhala ku Madison amene wasiya mwayi umenewu chifukwa sukulu ina ili masitepe khumi pamwamba, ameneyo sanafunse.

Mndandanda umene umasokoneza mitu ya anthuwu ndi wa magazini ya U.S. News & World Report. Pamwamba penipeni umanena zoona zimene aliyense akuzidziwa kale. Kutsika m'munsi, kusiyana kwa sukulu ya nambala 60 ndi ya nambala 85 n'kwa papepala chabe, ndipo chaka chamawa zikhoza kusinthana malo. Palibe jaji amene amasunga magaziniyo m'dirowa kuti aone ngati sukulu ya wofunsira ntchito yakwera kapena yatsika. Mu November 2022 Yale yomwe, imene inakhala pa nambala 1 kwa zaka zambirimbiri, inalengeza kuti yasiya kupereka ziwerengero zake ku magaziniyo, ndipo Harvard ndi ena anatsatira. Ngati eni ake a pamwamba akuukayikira, bwanji ife tikubetcherapo ngongole ya moyo wonse?

Ndikudziwa chimene ena akunena mumtima, ndipo mlamu wanga anachinena mokweza: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, bwanji mukum'tsekera mwana m'khola? Mfundoyi ndi yolemera ndipo sindiithawa. Mwa majaji asanu ndi anayi a khoti lalikulu la dziko lino, asanu ndi atatu anaphunzira ku Harvard kapena ku Yale. Amy Coney Barrett yekha ndiye anachokera ku Notre Dame. Maofesi akuluakulu a ku New York, amene kumapeto kwa 2023 anakweza malipiro a loya woyamba kumene kufika madola 225,000 pachaka, amakokera kwambiri ku masukulu apamwamba aja, ndipo ku sukulu ya m'dera amangotapa ochepa a pamwamba pa kalasi. Choncho mwana amene watengedwa ku T14 ndipo akufuna moyo umenewo, apite, ine ndimuperekeza kubwalo la ndege. Mkangano wanga uli ndi uyu amene akusiya sukulu yabwino ya kwawo n'kupita ku sukulu ina ya m'dera, ya dera la eni, pamtengo wowirikiza, poganiza kuti wagula dzina. Sanagule dzina ayi. Wangogula mthunzi wa mtengo umene sadzakhala pansi pake.

Komanso sizoona kuti sukulu ya m'dera imatsekera munthu m'khola mpaka kalekale. Joe Biden anamaliza ku Syracuse mu 1968. Kamala Harris anamaliza mu 1989 ku Hastings, sukulu ya mumzinda wa San Francisco, n'kuyamba ntchito yoimira boma pa milandu pafupi pomwepo, kutsidya kwa nyanja, ku Alameda County. Ntchito yoyamba ndi imene sukulu imakupezera. Ukagwira zaka zisanu, anthu amafunsa za milandu imene wagwira. Chilolezo nachonso chinayamba kuyenda: zigawo pafupifupi 40 zinagwirizana pa mayeso amodzi otchedwa Uniform Bar Exam, amene malikisi ake ukhoza kupita nawo kwina, ngakhale si zigawo zonse zimene zinalowa nawo. Kungoti chilolezo chimasamuka, anthu okudziwa sasamuka nawe.

Pali gulu limodzi limene mfundo yanga imalipwetekera, ndipo ndiyenera kunena poyera. Wophunzira wochokera kunja, wokhala ndi viza ya sukulu, akamaliza amakhala ndi miyezi 12 yogwira ntchito, kenako amafunika bwana woti amupemphere viza ya H-1B, imene imachita kugwera mwamwayi. Ofesi ya maloya asanu m'tauni yaing'ono kawirikawiri siilowa m'chintchito chimenecho. Ngongole za boma lalikulu nazonso sapatsidwa. Kwa ameneyu, sukulu imene imatumiza ana ku maofesi akuluakulu ili ndi phindu limene mwana wokhala ndi mapepala a kuno salifunikira kwenikweni.

Tsono tisanamizane: si sukulu iliyonse ya pafupi imene ili yabwino. Zina ndi mkuyu wokoma kunja. Mu 2017 Charlotte School of Law inatsekedwa ana ali pakati pa maphunziro, ngongole zili m'manja. Chaka chomwecho Whittier ku California inalengeza kuti ikutseka, Indiana Tech inatseka itangogwira zaka zinayi, ndipo Valparaiso, imene inakhalapo zaka zoposa 100, inatsatira mu 2020. Choncho mawu akuti "ya m'dera" asakhale chophimba. Mwayi wake, kusiyanitsa sikufuna ufiti. ABA imakakamiza sukulu iliyonse kuika poyera ziwerengero zake chaka ndi chaka, ndipo zimapezeka pa intaneti kwaulere.

Pepala loyamba limatchedwa Standard 509. Lachiwiri ndi la ntchito, limene limaonetsa kumene omaliza maphunziro ali patatha miyezi khumi. Pa lachiwirili musatengeke ndi chiwerengero chachikulu cha "olembedwa ntchito" chimene chili pa kabuku kokongola kotsatsira sukulu, chifukwa amene akugulitsa khofi nayenso ali pa ntchito. Fufuzani mzere wa ntchito zokhazikika, za tsiku lonse, zofuna chilolezo cha bar, ndipo mugawe ndi chiwerengero cha onse amene anamaliza. Onaninso kuti ndi angati amene analembedwa ndi sukulu yomweyo kwa kanthawi. M'munsi mwa pepalalo muli kabokosi kamene anthu ambiri amakadumpha, kamene kamatchula zigawo zitatu kumene ana ambiri anapeza ntchito. Ndinamuuza mwana wa mlongo wanga kuti atsegule kabokosi kameneka ka sukulu yakutali ija. Chigawo chathu munalibemo. Anangoti "eeh," ndipo kwa nthawi yoyamba usiku umenewo anasiya kunditsutsa.

Za bar, lamulo la ABA kuyambira 2019 limafuna kuti ana 75 pa 100 alionse amene alemba akhale atakhoza pasanathe zaka ziwiri. Umenewo ndi mzere wapansi, wongopulumukira. Chofunika kuona ndi okhoza ulendo woyamba, poyerekeza ndi chigawo chonse. Sukulu imene chaka ndi chaka ili pansi pa anzake a m'chigawo chomwecho, ndiponso imachotsa ana ambiri chaka choyamba chikatha, ikukuuzani yokha kuti imatenga anthu amene ikudziwa kuti sadzafika.

Ndalama ndiye pagona nkhani. Masukulu ambiri omwe si aboma fizi yokha imapitirira madola 50,000 pachaka, osawerengera nyumba, chakudya ndi mabuku. A boma amatchipira nzika za chigawo chawo, nthawi zambiri pafupifupi ndi theka. Malipiro a maloya atsopano nawo ali ngati ngamila ya malinunda awiri: kagulu kochepa kali pa malipiro a maofesi akuluakulu aja, khamu lalikulu lili kutali m'munsi, osafika ndi theka lomwe, ndipo pakati pali chigwa. Avereji imene sukulu ingakuuzeni imagwera m'chigwamo, momwe mulibe anthu ambiri. Tiyerekeze ana awiri amene onse adzayambe ntchito yoimira anthu osauka kukhoti pa malipiro ofanana. Wina wakongola 60,000, wina 200,000. Ntchito ndi imodzi, desiki ndi imodzi, koma wachiwiriyu chiwongoladzanja chokha chikumudyera ndalama imene mnzake akusungira nyumba. N'zoona kuti pali pulogalamu ya boma imene imakhululuka ngongole yotsala munthu akalipira miyezi 120 ali pa ntchito yotumikira anthu, koma zaka khumi ndi zambiri, ndipo andale amasinthasintha malamulo. Umboni wake ndi lamulo limene linasainidwa pa 4 July 2025, lothetsa ngongole ya boma ya ophunzira digiri yapamwamba, yotchedwa Grad PLUS, kwa okongola atsopano kuyambira 1 July 2026 n'kuika malire a madola 50,000 pachaka ndi 200,000 zonse pamodzi. Kale boma linkakongoza mpaka mtengo wonse umene sukulu yanena. Tsopano chotsalacho n'cha kubanki, kumene kulibe chikhululukiro.

Sikolashipu nayo muziiwerenga mpaka m'timalemba ting'onoting'ono. Kalata ya yunivesite yapafupi ija inali ndi chiganizo chimodzi kumapeto: thandizolo lipitirira ngati wophunzira akhala m'gulu la pamwamba la kalasi yake. Mwanayo anati, "Zimenezo n'zosavuta, amalume, ine sindinatsikepo." Anaiwala kuti aliyense m'kalasimo sanatsikepo. M'chaka choyamba malikisi amaperekedwa mopikisanitsa, mwakuti a pamwamba amakhala ochepa ngakhale onse atalemba bwino, ndipo m'maphunziro ambiri zonse zimadalira mayeso amodzi a kumapeto kwa temu. Sukulu ikapereka thandizo lotere kwa ana ambiri kuposa malo a pamwambawo, imadziwiratu kuti ena adzalitaya, n'kulipira fizi yonse zaka ziwiri zotsalazo. Pepala la 509 limaonetsa kuti ndi angati analowa ndi thandizo lotere ndipo ndi angati analandidwa kapena kuchepetsedwa. Masamu omwewa ndi amene amagwetsa maganizo akuti "ndilowa pano kaye, chaka chachiwiri ndidzasamukira kwabwino." Kusamuka kumafuna kuti ukhale pamwamba penipeni, ndipo mwa ana khumi alionse, asanu ndi anayi sakhala woyamba.

Ndiye munthu angatani kuti sukulu imene waisankha imufune? Apa pali zinthu ziwiri zimene zimalemera kuposa zina zonse kuziphatikiza: malikisi a digiri yoyamba, amene amatchedwa GPA, ndi mayeso olowera a LSAT. Pepala la 509 limaonetsa median ya zonse ziwiri, kutanthauza malikisi a wophunzira amene waima pakati penipeni mukawandandalika onse amene analowa chaka chatha. Masukulu amaiteteza nambala imeneyi ngati mwana wakhanda, chifukwa mbiri yawo imadalira pamenepo. Amene ali pamwamba pake amaikweza, ndipo ndi amene amapatsidwa ndalama. Amene ali pansi pa zonse ziwiri akatengedwa, ndiye amene amalipirira anzakewo. N'chifukwa chake ndimati kutengedwa kokha si nkhani yovinira. Funso n'lakuti watengedwa ngati mlendo wolemekezeka kapena ngati wodzagula ndiwo.

GPA ukamaliza digiri yatsekeka. Bungwe la LSAC, limene limayendetsa mayeso ndi kusonkhanitsa mapepala a ofunsira malo, limaiwerengera lokha mwa njira yake, ndipo limaphatikiza maphunziro onse a kukoleji amene unatenga usanalandire digiri yoyamba, ngakhale aja unalephera n'kubwereza. Digiri yachiwiri siisintha nambalayo. Choncho amene akadali pa koleji asamale lero. Amene anaphunzira kunja kwa America ndi Canada nthawi zambiri sapatsidwa nambala yotere, mapepala awo amangoyesedwa ndi mawu, ndiye kwa iwo LSAT imalemera kawiri.

LSAT ndi khomo lokhalo limene likadali lotsegula, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mmene ana amalipeputsira. Malikisi ake amayambira 120 kulekeza 180. Safunsa zamalamulo ayi. Amayesa kuwerenga nkhani yovuta n'kuimvetsa, ndi kuona pamene mfundo ya munthu yatsimphina. Kuyambira August 2024 anachotsamo gawo la timasewera ta kuganiza limene linkazunza anthu, ndipo kwatsala magawo anayi a mphindi 35 lililonse, atatu owerengedwa ndi limodzi loyesera mafunso atsopano. Ndi mayeso ophunzirika. Munthu amene wakhala miyezi inayi kapena isanu akulemba mayeso akale ndi wotchi patebulo, n'kumabwerera funso lililonse limene walakwa mpaka atamvetsa chimene chinam'pusitsa, amakwera. LSAC ili ndi mayeso ena akale aulere pa tsamba lake la pa intaneti la LawHub, ndiponso imachotsera malipiro anthu ovutika akapempha. Masukulu amayang'ana kwambiri malikisi apamwamba amene wapeza, choncho kubwereza si manyazi, ngakhale pali malire a maulendo asanu ndi awiri pa moyo wonse. Mapointi atatu kapena anayi akhoza kukhala kusiyana kwa kulipira fizi yonse ndi kulipira theka. Ndiuzeni ganyu ina imene ingalipire wachinyamata madola masauzande ambiri chotero pa miyezi inayi. Masukulu ambiri tsopano amalandiranso mayeso ena olowera otchedwa GRE, chiyambire pamene University of Arizona inatsegula njirayo mu 2016, koma amene akusaka sikolashipu pa sukulu ya m'dera ndimamulangiza LSAT, poti ndiyo nambala imene sukulu imaiwerengera kwambiri.

Nthawi nayo ndi malikisi. Masukulu ambiri amatsegula mu September ndipo amayankha mafomu momwe akufikira, osadikira tsiku lotsekera. Wotumiza mu October kapena November amapeza malo ndi ndalama zikadalipo. Wotumiza mu March amapeza mphika atakokota. Ngati malikisi sanafike pofunika, kuli bwino kudikira chaka chathunthu kusiyana n'kuthamangira kumapeto ndi nambala yofooka. Chaka chimenecho sichitayika. Kagwireni ntchito mu ofesi ya maloya kapena kukhoti mumzinda womwe mukuufunawo, muone ndi maso ngati ntchitoyi mukuikondadi, mupeze loya woti adzakulembereni kalata, ndipo m'zigawo zambiri miyezi 12 yokhala ndi kugwira ntchito kumeneko imathandiza kuti mudzalipire fizi ya nzika. Chenjerani ndi njira ya Early Decision, imene imakumangani kuti mukatengedwa mupita basi. Imakweza mwayi pang'ono, koma mwataya mphamvu yokambirana za mtengo.

Pa nkhani yofotokoza za iwe mwini, imene imakhala masamba awiri, sukulu ya m'dera ili ndi nkhawa yake imene ana saidziwa. Imaopa kupereka malo kwa munthu amene akungoigwiritsa ntchito ngati pobisalira mvula. Ndiye ionetseni kuti mudzabwera ndipo mudzakhala. Mwana wa mlongo wanga poyamba analemba zoti kuyambira ali wamng'ono ankadana ndi kupanda chilungamo, chiganizo chimene owerengawo amakumana nacho kambirimbiri pa sabata. Titakambirana anachifuta, n'kulemba za tsiku limene ali ndi zaka 15 anaperekeza mayi wina woyandikana nawo nyumba ku khoti la za lendi kukam'tanthauzira Chingelezi, mmene mayiyo anasainira pepala limene sanalimvetse m'khonde, jaji asanalowe n'komwe. Anatchula khotilo, anatchula kiliniki ya sukuluyo imene imagwira milandu yotere. Palibe wina akanalemba nkhani imeneyo. Chigamulo cha khoti lalikulu cha June 2023 chinaletsa masukulu kusankha potengera mtundu wa munthu, koma chinasiya mpata woti wofunsira malo afotokoze mmene moyo wake, kuphatikizapo za mtundu wake, wamuumbira. Choncho nenani zimene munaona ndi kuchita, osati chabe chimene muli.

Makalata okuchitirani umboni achokere kwa mphunzitsi amene anawerengadi zolemba zanu, osati kwa munthu wa udindo waukulu amene anakuonani kamodzi pa ukwati. Ngati pali temu imene munagwa chifukwa cha matenda kapena maliro, lembani ndime imodzi yofotokoza, yopanda kulira. Ndipo funso lija lakuti munagwidwapo ndi apolisi kapena kulangidwapo pa sukulu, yankhani zoona zonse. Pakatha zaka zitatu akuluakulu a bar adzaika fomu yanu yolowera sukulu pambali pa fomu yopempha chilolezo, ndipo kawirikawiri chimene chimam'gwetsa munthu si mlandu wa ubwanawo koma kuubisa.

Akakuikani pa mndandanda wodikira, alembereni kuti mukadali ndi chidwi, ndipo ngati ndi zoona kuti mukatengedwa mubwera, nenani momveka. Pitani mukaone sukuluyo, mukhale nawo m'kalasi, mufunse ana a chaka chachitatu kuti anzawo apeza ntchito kuti. Pofunsira malo onjezani masukulu ena awiri kapena atatu ofanana nayo mphamvu, ngakhale simukuwafuna kwenikweni, chifukwa kalata ya ndalama yochokera kwa mnzake wopikisana naye ndi imene imafewetsa ofesi yolandira ophunzira. Ambiri a ife tinaleredwa kuti ukapatsidwa umangoti zikomo, ndipo kupempha zowonjezera ndi mwano. Kuno mbewa ya manyazi imafera kuuna. Kalata yaulemu yonena kuti sukulu yanu ndi imene ndikuifuna, koma ina yandipatsa chakuti, kodi mungaonenso, ndi chinthu chimene maofesiwa amalandira chaka chilichonse, ndipo choipa chimene chingachitike n'kungoyankhidwa kuti ayi.

Mwana wa mlongo wanga analemba kalata yotere, manja akunjenjemera, ine ndili pa foni. Sanapemphe ndalama zowonjezera. Anapempha kuti achotse chiganizo chija cha kukhala pamwamba pa kalasi. Patatha masiku asanu ndi atatu anamuyankha kuti achichotsa, bola asalephere, koma thandizolo alichepetsa pang'ono. Anavomera tsiku lomwelo. Pano ali chaka chachiwiri, Lachiwiri ndi Lachinayi amakhala ku khoti la za lendi lomwe lija, ndipo kalaliki wa kumeneko amamuitana ndi dzina. Mlongo wanga yekha ndiye sanachire bwinobwino. Anthu akamufunsa kutchalitchi kuti mwana ali kuti, amayamba watchula sukulu yakutali ija, kuti "anamutenganso kumene kuja, koma anakana yekha," kenako ndiye amatchula kumene mwanayo alidi.